Kusintha Oilo wa M'mafoloko a Njinga Yamoto Yakale

Fumbi la m'misewu ya ku Angónia ndi Tsangano ku Mozambique limalowa m'mafoloko akutsogolo n'kudetsa oilo mpaka kuoneka ngati matope, choncho ndi bwino kumusintha chaka chilichonse. Njinga zakale zambiri zimayenda bwino ndi oilo wa 10W (nambalayi imasonyeza kulemera kwa oilo). Wa 15W, yemwe ndi wolemererapo, amathandiza wonyamula matumba a mbatatesi, ngakhale kuti m'mawa wozizira wa ku Ulongwe, tauni ya ku Angónia, amaumitsa mafoloko.

Kwezani tayala lakutsogolo, mumasule chotsekera chapamwamba mosamala popeza sipuling'i imakankha mwamphamvu, kenako mukhuthule oilo wakale uku mukupopa folokoyo. Musanaike labala watsopano woletsa oilo kudontha, yendetsani chikhadabo pachitsulo chonyezimira cha folokoyo, chifukwa kadzimbiri kochepa chabe kamamung'amba. Pomaliza thirani muyezo wolembedwa m'buku la njingayo, wofanana ndendende mbali zonse ziwiri.