Momwe mungaikire access point kuti Wi-Fi ifike zipinda zakumbuyo

Amalume anga ali ndi karesitihausi ku Liwonde, ka zipinda 12 zondandana ngati makalasi a sukulu. Rauta ya 4G anaiika pa risepushoni, ndiye Wi-Fi inkathera pa chipinda chachinayi. Alendo a zipinda zakumbuyo ankatuluka usiku kudzakhala pakhonde, foni m'manja, dzanja linalo likuthamangitsa udzudzu. Popeza m'banja mwathu amene anagwirapo laputopu ndiye amasanduka injiniya, ntchitoyo inagwera ine. Ndalemba pano momwe ndinachitira, kuti inu musataye masiku atatu ngati ine.

Poyamba timvane. Rauta ndi imene imakoka intaneti kuchokera kunja n'kumagawira zipangizo zonse manambala. Access point simakoka intaneti payokha. Ili ngati mpopi wachiwiri wolumikizidwa ku thanki yomweyo: madzi ndi omwewo, koma akutulukira pafupi ndi amene akuwafuna. Paipi yake ndi chingwe cha netiweki. Kusitolo adzakuuzani kuti mugule repeater, kakang'ono kongobaya pakhoma, kosafuna chingwe. Musalole. Kameneka kamatola Wi-Fi yofooka kale n'kuiulutsanso, ndipo kambiri kamadula liwiro pafupifupi ndi theka chifukwa kamamvera ndi kulankhula pa wailesi imodzi. M'nyumba ya zipinda ziwiri kangathandize, koma pa makoma a njerwa zootcha n'kutaya ndalama.

Zogula

Onani kaye kumbuyo kwa rauta yanu ngati kuli bowo lolembedwa LAN. MiFi zam'thumba zija zilibe, ndiye ngati ndi imene muli nayo, nkhani yathera pomwepo mpaka mutagula rauta yeniyeni. Simu kaya ndi ya Airtel kaya ya TNM, zimenezo zilibe kanthu pa ntchito iyi. Amene muli ndi Starlink, yomwe inalowa m'Malawi mu 2023, dziwani kuti rauta yake ya Gen 2 ilibe bowo la chingwe, mumafunika kugula adaputa yapadera. Ya Gen 3 ili ndi mabowo awiri kumbuyo.

Access point yeniyeni mungagule ya TP-Link ya mtundu wa EAP, ya Ubiquiti UniFi kapena ya MikroTik. MikroTik ndi yolimba koma setingi yake ndi nkhalango, munthu woyamba kumene amasokera momwemo. Ine ndinagula imodzi yapanja ya pakati pa bwalo, ndipo ya kumapeto kwa mzere ndinagwiritsa ntchito rauta yakale ya TP-Link imene inkangodya fumbi m'kabati. Pafupifupi rauta yakale iliyonse yokhala ndi bowo la LAN itha kusanduka access point. Mitengo sinditchula, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mwauzidwa Lolemba sumafika Lachisanu. Funsani masitolo atatu, ndipo mukamafunsa musaonetse kuti mwachita kuchokera kutali.

Pa chingwe m'pamene pali akathyali. Mukufuna Cat5e kapena Cat6 cha kopa weniweni. Bokosi lathunthu limakhala la mamita 305, ndipo mukaona lina likugulitsidwa theka la mtengo wa linzake koma lalembedwa Cat6 lomwelo, kayikirani. Zambiri zotchipazo ndi zimene amati CCA, aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Pemphani kachidutswa, sendani kawaya kamodzi, kapaleni ndi mpeni. Kakayera mkati ngati supuni, bwezani. Mnyamata wina pa sitolo ina ku Limbe anandilumbirira kuti chake ndi "orijino", nditapala pamaso pake anangoti bwana ndiye amaoda, iye sadziwa. Chingwe chotere chimathyoka msanga pomanga, ndipo chikamanyamula magetsi opita ku access point chimataya mphamvu panjira.

Onjezani timitu ta RJ45, tomangira kumapeto kwa chingwe, tokwanira kuwononga tina, pulayala yake yomangira, ndi tesita yoyesera ngati chingwe chamangidwa bwino. Tesita bwerekani, si chinthu chogula kuti mugwiritse ntchito tsiku limodzi.

Malo ndi chingwe

Access point ikhale pamwamba, pakati pa zipinda zimene mukufuna, osati pakona. Malata amabweza Wi-Fi, thanki ya madzi imaimeza, khoma lililonse la njerwa limadyako. Musaibise pamwamba pa siling'i pansi pa malata. Kutentha kwa ku Liwonde mu Okutobala kungaiphike. Chingwe chimodzi chisapitirire mamita 100, chisayende mothinana ndi mawaya a magetsi, ndipo m'denga chilowetseni mu paipi ya pulasitiki chifukwa makoswe amachikonda ngati chinangwa.

Kumanga timitu sindikuphunzitsani, pa YouTube zilipo. Mndandanda wa mitundu ya timawaya ta m'chingwe ndi uwu, mbali zonse ziwiri mofanana: woyera wa olenji, olenji, woyera wa girini, buluu, woyera wa buluu, girini, woyera wa bulauni, bulauni. Tesita iyatse magetsi onse 8 motsatana.

Access point zambiri zimalandira magetsi kudzera m'chingwe chomwecho, zimene amati PoE, kudzera pa kabokosi kokhala ndi mabowo awiri. Lolembedwa LAN lipite ku rauta, lolembedwa PoE lipite ku access point. Gwiritsani ntchito kabokosi kamene kanabwera nayo. Tina timatulutsa 24V, tina 48V, ndipo mukasinthanitsa mutha kumva kafungo kachilendo n'kuyamba kuwerenganso ndalama.

Apa ndi pamene ndinagwa

Yapanja ija sinavute, chifukwa inapangidwa kale kukhala access point. Vuto linabwera ndi rauta yakale. Ndinaibaya chingwe m'bowo la LAN, ndinaipatsa dzina, foni yanga inalumikiza, WhatsApp inalira. Ndinadya nsima ya chambo, kukwera minibasi kubwerera ku Zomba ndikudziona ngati katswiri.

Mawa lake madzulo foni. "Mphwanga, zinthu zako zija zafa."

"Zafa bwanji amalume, dzulo zimagwira?"

"Alendo akuti foni ikuonetsa kuti yalumikiza koma palibe chikutseguka. Ena zikutheka, ena ayi."

Mawu akuti ena zikutheka ena ayi ndi amene anandisokoneza. Chinthu chikafa chimafa kwa onse. Ndinayamba kunamizira kampani ya foni kuti netiweki yawo yagwa. Ndinauza amalume agulenso bandulo, anagula, ndalama zinapita, vuto lili pomwepo. Ndinabwerera, ndinadula timitu tonse n'kumanganso. Ndinakwera m'denga masana dzuwa lili pamutu kukafuna pamene khoswe waluma, osapeza kanthu. Ndikafika ine zinkagwira, ndikachoka zinkafa, mpaka mlonda anayamba kundiyang'ana ngati ndili ndi mankhwala.

Amene anandipatsa mfundo ndi mayi wokonza m'zipinda. Anati, "Achimwene, ine ndaona kuti zimavuta magetsi akathima n'kuyakanso." Tinazimitsa meni switchi dala, n'kuyatsa. Zoonadi, mafoni onse anasiya. Ndinatsegula pa Wi-Fi pafoni yanga kuona nambala imene yapatsidwa: 192.168.0.101. Koma rauta yaikulu, ya Huawei, adiresi yake ndi 192.168.8.1, ndipo imagawa manambala oyamba ndi 192.168.8. Nambala ya ziro ija inachokera kuti? Ku rauta yakale.

Nkhani yake ili motere. M'rauta iliyonse muli kanthu kotchedwa DHCP, kamene ntchito yake ndi kupatsa foni iliyonse nambala ndi kuiuza khomo lotulukira kupita pa intaneti. Pa netiweki imodzi payenera kukhala wogawa mmodzi yekha. Ine ndinasiya awiri, ngati mafumu awiri m'mudzi umodzi aliyense akugawa malo. Foni ikafunsa nambala imatenga ya amene wayamba kuyankha. Ikayankhidwa ndi rauta yaikulu, zonse bwino. Ikayankhidwa ndi yakale ija, imauzidwa kuti khomo ndi 192.168.0.1, khomo losapita kulikonse, chifukwa rauta yakaleyo payokha ilibe intaneti. Magetsi akabwera, yakaleyo inkadzuka msanga kuposa ya 4G, ndiye mafoni onse ankathamangira kwa iyo. Ine ndikabwera, foni yanga inkayamba kulumikiza pa risepushoni n'kutenga nambala yabwino, n'chifukwa chake kwa ine zinkaoneka zabwinobwino.

Kukonza kwake ndi mphindi 10, koma tsatani ndondomeko iyi osadumpha. Zulani rauta yakale pa netiweki, ikhale yokha. Dinani kabatani ka reset ndi phini mpaka magetsi ake aphethire. Lumikizani laputopu ndi chingwe m'bowo la LAN, tsegulani adiresi yolembedwa pa sitika ya pansi pake. Za TP-Link zambiri ndi 192.168.0.1. Ngati muona polembedwa Operation Mode ndipo pali Access Point, sankhani pamenepo, yokha ikonza zotsalazo. Yanga inali yakale kwambiri, inalibe. Zikatero pitani pa LAN, sinthani adiresi yake ikhale ya m'banja la rauta yaikulu koma yosafanana nayo. Ine ndinaika 192.168.8.2, chifukwa yaikuluyo inkayamba kugawa pa 100, ndiye nambala 2 palibe angailande. Sungani, idzazima n'kuyakanso. Lowaninso pa adiresi yatsopanoyo, ndipo tsopano zimitsani DHCP.

Musayambe ndi kuzimitsa DHCP musanasinthe adiresi. Ndinayesa, laputopu inasowa woipatsa nambala, ndinadzitsekera kunja ndekha mpaka kuchitanso reset.

Mukatero bayani chingwe chochokera ku rauta yaikulu m'bowo la LAN, osati la WAN. Bowo la WAN limakhala la mtundu wina, nthawi zambiri labuluu. Ine ndinalimata ndi selotepi, chifukwa tsiku lina wina posesa adzazula chingwe n'kuchibwezera pamene paoneka pokongola. Ena amabaya dala ku WAN osasintha chilichonse, ndipo intaneti imagwira ndithu, koma mumakhala mwapanga netiweki ziwiri zosaonana, pulinta ya pa risepushoni osapezeka kuchokera kumbuyo.

Poyesa musangoona kuti WhatsApp yalira. Pafoni chitani forget netiwekiyo, imani pafupi ndi access point, lumikizaninso, onani nambala. Kenako zimitsani magetsi a nyumba yonse, yatsani, onaninso. Ndikanachita zimenezi tsiku loyamba, bwenzi amalume asanagule bandulo yachiwiri imene mpaka lero amandikumbutsa pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Dzina, pasiwedi ndi matchanelo

Dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi zikhale zofanana pa zipangizo zonse, kuti mlendo akamayenda foni izisamuka yokha. Chitetezo sankhani WPA2, kapena WPA3 ngati zonse zikuilola. WEP ndi loko wa chidole, musamukhudze. WPS, yolumikizira popanda kulemba pasiwedi ija, zimitsani. Pasiwedi imafuna zilembo zosachepera 8, koma 12345678 ana a pa mpanda amayamba kuyesa yomweyo, kenako dzina la resitihausi, kenako nambala ya foni ili pa chikwangwani.

Pali pasiwedi ina imene anthu amaiwala, yolowera mu setingi. Zakale zambiri zimabwera ndi admin, admin. Sinthani, apo ayi mlendo wochenjera adzakusinthirani.

Wi-Fi imaulutsidwa pa 2.4 GHz kapena pa 5 GHz, ndipo pa 2.4 GHz matchanelo osapondana ndi 1, 6 ndi 11 basi. Zipangizo zanga zinali zitatu, ndiye chilichonse chinatenga yake, m'lifupi 20 MHz. 5 GHz imathamanga koma siboola makoma bwino, isiyeni yoyaka kwa amene ali pafupi. Mphamvu ya wailesi musaikweze mpaka kumapeto. Foni imamva access point ili kutali koma mawu ake obwezera safika, ndiye mumaona timizere todzaza pamene tsamba likungozungulira.

Zotsala

Ngati zipangizo zanu zili ndi guest network, Wi-Fi yapadera ya alendo, alendo aikeni kumeneko, kompyuta ya maakaunti ikhale kwina. Ikani malire a liwiro pa munthu aliyense, chifukwa mlendo mmodzi wokopera mafilimu usiku amamaliza bandulo ya mwezi. Za mavawucha, zoti aliyense azipatsidwa kakhodi kake, zimatheka pa Omada ya TP-Link, UniFi ndi MikroTik, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo ngati cholinga ndi kugulitsa intaneti kwa anthu a m'dera, yambani mwafunsa ku MACRA za chilolezo.

Rauta zambiri zimadya 12V, ndiye ka UPS, kabatire kakang'ono ka marauta, kapena batire ya sola imazisunga magetsi akathima. Nyengo ya mvula zulani zonse kukamachita ziphaliwali, makamaka chingwe chopita panja. Firmware, pulogalamu ya mkati mwa chipangizo, muziikweza mukakumbukira. Adiresi ya chipangizo chilichonse ndi mapasiwedi lembani papepala, muike mu diroo yokiya, osati kumata pakhoma la risepushoni ngati momwe amalume anachitira sabata yoyamba. Ya alendo timasintha pa 1 mwezi uliwonse, ndipo tikachedwa timadziwira anyamata a kabaza, amayamba kuimika njinga kuseri kwa mpanda wa chipinda nambala 12.