Mmene mungafufuzire ngati shuga ndi matenda a mtima zili mu mtundu wanu

Bambo anga aang'ono anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 52, ndipo pamaliro m'pamene ndinamva kuti agogo aakazi nawonso ankadwala shuga. Palibe anali atatiuzapo.

Choncho yambani ndi kufunsa kwanu. Khalani pansi ndi azakhali kapena amalume, aja odziwa mbiri ya mtundu wonse, kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Funsani amene anadwala shuga, BP kapena mtima, komanso anali ndi zaka zingati. Zakazo musazilumphe. Ngati bambo kapena mchimwene anadwala mtima asanafike zaka 55, kapena mayi kapena mchemwali asanafike 65, chiopsezo chanu n'chokwera.

Chimene timatengera kwa makolo ndi majini, tizinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa chathu. Kusiyana pang'ono pafupi ndi jini yotchedwa IRS1, mwachitsanzo, kungachititse kuti thupi lisamamvere bwino insulini, timadzi ta m'thupi timene timatsitsa shuga m'magazi. Shuga ndi mafuta zimachuluka m'magazi, mitsempha ya mtima n'kumawonongeka mwakachetechete.

Kunyumba tengani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pakati, muchizungulize pamimba. Chikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Onaninso kumbuyo kwa khosi: kuda kosachoka ndi sopo kungakhale chizindikiro choti thupi silikumvera bwino insulini, osati litsiro ayi.

Kenako pitani kuchipatala m'mawa musanadye, akakuyezeni shuga ndi BP. Shuga akafika 7.0 mmol/L, apempheni abwerezenso tsiku lina. Ngati kwanu kuli matenda a magazi a siko selo, auzeni, chifukwa njira ina yoyezera shuga yotchedwa HbA1c nthawi zina imanamiza kwa anthu otere.

Ine ndinachepetsa mitanda ya nsima kuchoka pa itatu kufika pa iwiri, ndipo ndimayenda mphindi 30 madzulo.