Thumba la ufa palokha silikuza mwana

Inu a m'matchalitchi ndi m'magulu a amayi amene mumasonkhanitsa chakudya n'kugawira mabanja ovutika ku Kanyama, Chawama ndi Misisi mu Lusaka, tiyeni tione zimene mukulongedza. Kawirikawiri mumakhala ufa wa breakfast, shuga ndi kabotolo ka mafuta. Mimba imakhuta ndithu, koma mwana sakula bwino. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti m'Zambia muno ana 35 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo nsima yopanda ndiwo zabwino singachotse vutoli.

Ufa muzigula wa roller meal. Ndi wotsikirapo mtengo, komanso umakhalabe ndi gaga ndi kamtima ka chimanga momwe muli zofunika m'thupi. Ena adzadandaula kuti nsima yake siyera, afotokozereni mwaulemu. Ndalama yotsalayo ipite ku ndiwo zouma, poti nyumba zambiri zilibe firiji ndipo magetsi amazimazima.

Kapenta, kaya wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu, ndiye amene ine ndimamuika patsogolo. Amadyedwa ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa. Mayi akamusinja n'kuthira supuni imodzi m'phala pamodzi ndi nsinjiro, mwana wa miyezi isanu ndi itatu wadya chakudya chenicheni. Nyemba nazo n'zofunika, makamaka za mtundu wa Mbereshi zomwe zimathandiza kuwonjezera magazi. Koma ganizirani za makala. Banja losowa ufa silingathe kusonkhezera mbaula maola atatu, choncho liuzeni kuti liziviika nyemba usiku wonse, kapena liikireni soya pieces zomwe sizichedwa kupsa.

Chibwabwa, repu ndi kalembula zimene amalonda a ku msika wa Soweto angakupatseni muzigawe tsiku lomwelo. Zotsala zifutseni.

Chenjerani ndi chuku. Mu 2024 boma linapeza poizoni wa aflatoxin, wochokera ku chuku, mu ufa wina wogulitsidwa m'dziko muno, ndipo poizoniyu satha ndi kuphika. Mtedza wonyala kapena wosintha mtundu muutaye, musaumvere chisoni. Matumba akhale pa matabwa, osagunda khoma, makamaka nthawi ya dzinja pamene madzi amalowa m'nyumba ku Kanyama.

Opereka thandizo musamachite nawo manyazi. Alembereni zimene mukufuna: kapenta, mtedza, nyemba ndi mchere wa ayodini. Akabwera ndi mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera, athokozeni, kenako muwapatse pepalalo kuti adzaligwiritse ntchito mwezi wamawa.