Musanabzale chimanga chachizungu, yambani mwayesa dothi

Mitengo iwiri ya chimanga chachizungu, chomwe ena amati makangaza, ndinaibzala tsiku limodzi pakhomo panga ku Chilomoni, yonse yodula pa mtengo wa apongozi anga. Wakumtunda, pa katondo wa timiyala, unabereka chaka chachitatu. Wakumunsi, pa makande pomwe pamathera madzi a padenga, unkangochita chikasu masamba, mpaka mvula ya namondwe wa Freddy mu March 2023 inaumaliza. Nditaufukula ndinapeza mizu itapindana ngati nkhata, yakuda, yonunkha, khungwa lake likusupuka ndi chala.

Ndiye inu musanagule mbande, kumbani dzenje lakuya masentimita 60, m'lifupinso chimodzimodzi. Lidzazeni madzi, akaphwa mudzazenso. Mukawapeza mawa lake akadalimo, dziwani kuti mizu idzabanika pamenepo. Mtengowu kwawo ndi ku Iran ndi madera ouma oyandikana nako. Ludzu umapirira, koma kukhala m'matope ayi, pakuti mizu nayo imapuma. Makande akanyowa amamata, mpweya sulowa. Akauma mu October amachita ming'alu yolowa dzanja, n'kudula timizu tating'ono toyamwa chakudya.

Ngati malo anu ndi omwewo, musachite zomwe ndinachita ine, kudzaza dzenje ndi mchenga ndi manyowa. Ndinkati ndikuthandiza, osadziwa kuti ndaumba mphika. Madzi onse ozungulira ankatsikira m'menemo osatuluka, ndipo mizu itafika pa khoma la makande inkabwerera. M'malo mwake unjikani mtumbira wofika m'bondo, wotakata ndithu, wa dothi lomwelo losakaniza ndi manyowa owolerana. Bzalani pamwamba pake, ndipo mukumbe kangalande kopatutsa madzi.

Katondo ndiye wabwino, bola mukande m'mbali mwa dzenje ndi khasu, chifukwa fosholo imasalaza ngati pulasitala ndipo mizu imavutika kuboola. Mukagunda mwala wosweka, monga zimakhalira kuno kufupi ndi phiri la Michiru, uphwanyeni ndi piki. Timiyala musataye nato nthawi, mizu imadutsa m'mipata mwake.

Pa mchenga mizu imathamanga, koma madzi ndi chakudya zimathamanga kuposa. Wonjezerani manyowa, phimbirani ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde, chiswe cha kuno sichichedwa. Kuthirira kwake kukhale kwa ndondomeko. Mtengo ukamva ludzu kwa masabata kenako n'kumwa kwambiri tsiku limodzi, zipatso zimang'ambika zisanakhwime, njere zili poyera, mbalame n'kuyamba kudya inu musanalawe.

Pobzala mbande ya m'chubu, ng'ambani pulasitiki yonse, muwongole mizu yopindika kunsi, ndipo musakwirire kupitirira pomwe dothi linkalekeza m'chubumo. Ine mtengo wachitatu ndinaubzala pa mtumbira pomwe panafera uja, mu December mvula itakhazikika.