Mmene mungayesere ngati description ya tool yanu ikumveka kwa AI agent

Agent, ndiye kuti pulogalamu ya AI imene imasankha yokha ma tool (ma function amene mwaipatsa) oti iitane pogwira ntchito, siona code yanu. Imangolandira dzina la tool, description (mawu ofotokoza zimene tool imachita) ndi schema ya ma parameter (ndandanda ya zimene iyenera kutumiza poitana tool) basi, kaya mukugwiritsa function calling imene OpenAI anatulutsa mu June 2023 kaya MCP (Model Context Protocol, njira yolumikizira AI ndi ma tool) imene Anthropic anatulutsa mu November 2024, nkhani yake ndi yomweyo. Nde vuto nlakuti amene analemba tool uja akamawerenga description yake amaona ngati ikumveka bwinobwino poti zonse zili kale mmutu mwake, ndiye munthu ameneyo asakhale woyesa.

Yambani chonchi. Tengani dzina, description ndi schema, mupatse mnzanu amene sanaionepo project imeneyo, code musamuonetse. Mufunseni kuti tool imeneyi angaiitane pa nthawi iti, pa nthawi iti sangaiitane, nanga ikayankha ibweretsa chani. Akayamba kukufunsani kuti "apa mumatanthauza chani?" lembani funso lililonse, chifukwa mnzanuyo akutha kufunsa pomwe agent nthawi zambiri imangoganizira nkupitiliza.

Kenako ma parameter, ndipo apa mpamene ine ndimakhalitsa. Mukapeza palembedwa date: string, palibenso china, dziwani kuti zavuta kale. 03/04/2025 ku America ndi March 4 koma ku Britain ndi 3 April, nde lembani kuti deti ikhale ya ISO 8601, muikepo ndi chitsanzo, 2025-04-03. Za ndalama chimodzimodzi, pa Stripe (kampani yolipirira pa intaneti) amount ya 500 ndi madola 5 chifukwa amawerenga ma cent, tsono ngati tool yanu imatero koma simunanene, agent itumiza 5 poganiza kuti ndi madola 5. Nthawi nayo, Unix timestamp imakhala ya masekondi koma Date.now() ya JavaScript imabweza ma millisecond, nenani kuti mukufuna iti. Parameter yongoti user, ndi dzina, imelo kapena ID? Itchuleni user_id, munenenso tool imene ID imeneyo imachokera. Ndipo ngati mayankho ololedwa ndi atatu okha aikeni mu enum (ndandanda ya mayankho ololedwa mu schema), osangowatchula mu chiganizo.

Muonenso ma tool ofanana mayina. search_orders ndi find_orders akakhala pamodzi ngakhale inuyo mungasokonezeke, nde description iliyonse inene mmene ikusiyanira ndi inzake, apo ayi aphatikizeni.

Koma zonsezi nkuwerenga chabe, mayeso enieni ndi kuyendetsa agent ndi tool yanuyo. Lembani ntchito zokwana 20 kapena 30 mmawu amene anthu amalembadi, osati mawu aukhondo otengedwa mu description momwemo ayi. Zina zikhale zofuna ma tool awiri atatu motsatizana, zina zikhale zosafuna tool nkomwe kuti muone ngati ikuitana mwachisawawa. Ntchito iliyonse muiyendetse kangapo chifukwa model (AI imene ikuyendetsa agent) siyankha mofanana nthawi zonse, kukhoza kamodzi kutha kukhala mwayi. Mukatero tsegulani ma log muwerenge call iliyonse, musangoona yankho lomaliza, agent itha kufika pa yankho lolondola italakwitsa kanayi mnjira. Muziwerengera: yasankha tool yoyenera? ma parameter yakhoza ulendo woyamba? yaitana kangati, ma token (tizidutswa ta mawu timene model imawerenga ndi kulemba) apita angati?

Ikalakwitsa muone meseji imene tool yabweza. "Error 400" siithandiza chilichonse, agent imangobwerezanso zomwezo kapena kusiya. Koma ikalandira kuti "deti ikhale YYYY-MM-DD, mwatumiza 03/04/2025" imakonza pompo. Anthu ambiri saiwerengera meseji ya error ngati documentation, ine ndimaiika pamlingo umodzi ndi description.

Ma tool ofufuta kapena otumiza zinthu awa ndi osamala nawo. MCP ili ndi readOnlyHint ndi destructiveHint (zizindikiro zonena ngati tool imangowerenga kapena itha kuwononga zinthu), ziikeni, koma si app iliyonse imene imazionetsa kwa model, nde mu description mulembenso poyera kuti chikafufutidwa sichibweranso. Poyesa ikanipo ntchito yosamveka bwino, ngati "chotsa zakalezo", muone ngati agent ifunsa kaye kapena ingofufuta.

Pokonza sinthani chinthu chimodzi, yendetsaninso ntchito zonse, kenako china, mukasintha zisanu nthawi imodzi simudziwa chathandiza nchiti. Musungenso ntchito zingapo pambali zimene simukuziona pokonza, apo ayi mungolemba description yokhoza mayeso anu okha. Za kutalika musaope, ziganizo zitatu zinayi kapena kuposa nzabwinobwino kwa tool yovuta, kungoti nthawi zambiri ma description onse amalowa mu context (zonse zimene model imawerenga isanayankhe) pa request iliyonse, nde chiganizo chimene mwachichotsa zotsatira osasintha chisiyeni kunja. Mukasintha model, yendetsaninso mayeso onse kuyambira poyamba.