Temerani ng'ombe ku nthenda ya zotupa zapakhungu mvula isanagwe

Alimi a ng'ombe m'chigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa, Nchalo ndi Ngabu mpaka ku Bangula ndi Nsanje, amaopa kwambiri chigodola, koma ambiri amapeputsa nthenda ya zotupa zapakhungu chifukwa siipha ziweto zochuluka. Nthendayi, imene madokotala a ziweto amaitcha lumpy skin disease, inadziwika koyamba ku Zambia m'chaka cha 1929, ndipo kachilombo kake n'kam'gulu limodzi ndi koyambitsa nthomba ya mbuzi ndi nkhosa. Anthu siiwagwira.

Kachilomboka kamafala kudzera mwa udzudzu, ntchentche zoluma ndi nkhupakupa. N'chifukwa chake kuno kwathu nthendayi imabuka kawirikawiri mvula ikakhazikika ndipo madzi akasefukira, pamene udzudzu waswana m'zithaphwi, ng'ombe za m'makola osiyanasiyana zikudyera ndi kumwera pamodzi m'mphepete mwa madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi.

Ng'ombe yodwala imayamba ndi kutentha thupi, kukana msipu, kukha misozi, kuchucha mamina ndi dovu. Pakapita masiku ochepa, mukaisisita m'khosi, pamsana, pabere kapena pansi pa mchira, mumamva zotupa zolimba, zobulungira, zotambalala masentimita 2 mpaka 5, ubweya utaima pamwamba pake. Miyendo ndi chifuwa zimatha kutupa moti chiweto chimayenda motsimphina. Kenaka pakati pa chotupa pamauma n'kuthothoka, n'kusiya dzenje lofiira limene ntchentche zimaikiramo mphutsi. Apa ndi pamene mlimi amaluza kwambiri: mkaka umachepa, yabere imatha kupoloza, nkhunzi imalephera kubereketsa kwa kanthawi kapena mpaka kalekale, ng'ombe yangolo imagona osagwira ntchito, ndipo chikopa chimakhala ndi zipsera zosatha.

Palibe mankhwala opha kachilomboka. Jakisoni amene alangizi a ziweto amabaya ndi wothana ndi tizilombo tina tolowera m'zilonda, choncho musataye ndalama pogula mankhwala pamsika poyembekezera kuti zotupa zizimiririka. Ipatuleni yodwalayo, muiike pamthunzi, muipatse madzi ndi msipu wofewa, muzitsuka zilonda ndi kupakapo mankhwala othamangitsa ntchentche, ndipo mudziwitse alangizi tsiku lomwelo. Singano imodzi isabaye ng'ombe ziwiri isanawiritsidwe, pakuti nayonso imafalitsa nthendayi.

Chitetezo chenicheni ndi katemera, wobayidwa kamodzi pachaka. Chimandimvetsa chisoni n'chakuti alimi ambiri amafunafuna katemera zotupa zitaoneka kale m'khola la mnzawo, pomwe thupi la ng'ombe limatenga pafupifupi masabata atatu chibayireni katemera kuti likhwime. Nthawi yabwino ndi September kapena October, udzudzu usanachuluke. Ana a ng'ombe obadwa kwa make wotemeredwa amatetezedwa ndi mkaka woyamba, ndipo amatemeredwa akafika miyezi isanu ndi umodzi. Obadwa kwa make wosatemeredwa asadikire msinkhu umenewo. Ndi bwino kuti alimi a mudzi umodzi asonkhe ndalama n'kutemera tsiku limodzi, chifukwa udzudzu sudziwa malire a khola.

Dipi ipitirire monga mwa nthawi zonse. Ng'ombe yogula kumsika ikhale payokha kwa masiku 28 isanasakanizidwe ndi zinzake, ndipo yodwala musapite nayo kumsika ngakhale wogula atakunyengererani ndi mtengo wabwino, pakuti mukatero nthendayi imafika m'midzi imene inalibe vutoli.