Musanagule chitofu chachikulu, yambani mwaona mawaya

Mafulati ndi nyumba zakale za ku Kapata ndi madera ena a mu Chipata anaziika mawaya pamene banja linkangokhala ndi mababu, wailesi ndi simbi. Lero kukhitchini komweko kwalowa firiji, ketulo, maikulowevu ndi hotipuleti, koma waya wa m'khoma ndi wakale yemwe uja.

Ambiri amaganiza kuti akagula mayuniti ochuluka a ZESCO ndiye kuti nyumba inyamula chilichonse. Si choncho ayi. Mayuniti amangonena kuti magetsi akhala masiku angati. Kuchuluka kwa zinthu zimene mungayatse nthawi imodzi kumadalira kunenepa kwa waya ndi kukula kwa buleka, swichi imene imagwa yokha n'kudula magetsi akachuluka pa waya.

Magetsi athu ndi a mavoti 230. Yang'anani pansi kapena kuseri kwa chipangizo, mupeza mawati ake, ndipo muwagawe ndi 230 kuti mudziwe maampu, omwe ndi muyeso wa magetsi amene chipangizocho chimakoka pa waya. Ketulo ya mawati 2,200 imakoka maampu pafupifupi 10. Hotipuleti ya mbale ziwiri imakokanso chapomwepo, maikulowevu pafupifupi 5. Tsono pulagi ya mano atatu inapangidwira maampu 13 okha, omwe ndi mawati pafupifupi 3,000. Mukalumikiza zitatuzi pa adaputa imodzi, mwasenzetsa maampu 25 pamalo a 13. Apa mpamene moto umayambira, makamaka ndi maadaputa otchipa a pamsika opanda fyuzi.

Chitofu cha mbale zinayi ndi uvuni chimapitirira mawati 6,000. Chimenechi sichilowa pa soketi. Chimafuna waya wakewake wa 6 mm² kuchokera kubokosi la mabuleka, buleka ya maampu 30 kapena 32, ndi swichi yake pakhoma. Waya wa masoketi ndi wa 2.5 mm², sangachikwanitse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: buleka ikamagwa kawirikawiri, ena amaitana munthu kuti aike yaikulu, kapena amamanga waya wonenepa mu fyuzi yakale. Chonde musatero. Buleka imagwa pofuna kuteteza waya. Mukaikulitsa, wayayo amatentha m'khoma mosaoneka mpaka pulasitiki wake kusungunuka, ndipo mu fulati moto sudzathera kwa inu nokha, udzafika kwa anansi. Soketi yofunda, yoda ngati yapsa, kapena fungo la pulasitiki, zimitsani pomwepo.

Ngati mukuchita lendi, kambiranani ndi eni nyumba musanagule chitofucho. Aitane katswiri wa magetsi wokhala ndi mapepala, aone buleka yaikulu, ayese waya wa earth, ndipo anene ngati pakufunika earth leakage yoteteza anthu kugwidwa ndi shoko. Za mita ndi waya wochokera pa pholo, musalole wina aliyense kukhudza, imeneyo ndi ntchito ya ZESCO.

Pakadali pano phikani mosinthana: ketulo ithe kaye, kenako maikulowevu, ndipo firiji ikhale ndi soketi yakeyake. Malaiti akapita, zimitsani chitofu ndi simbi pakhoma, chifukwa amatha kubwera usiku anthu atagona.